Kukonza ndi kukuza sitolo ya m'mbali mwa madzi: ndi liti pamene kafukufuku wa zachilengedwe safunika?

Nthawi zambiri mkangano wake umayamba chonchi. Wina ali ndi nyumba yamalonda m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, kapena padoko la Kachulu kunyanja ya Chilwa. Nyumbayo yakalamba, denga likudontha, malo achepa, ndiye waganiza zoikonza n'kuwonjezera zipinda kumbuyo, mwinanso kukweza ina pamwamba. Lole ya mchenga ikangotsitsa, oyandikana naye amayamba kufunsa ngati a zachilengedwe anabwera kudzaona. Mwini nyumba amayankha kuti anamuuza kuti kafukufuku safunika, poti akungokonza chomwe chinalipo kale. Enawo amakanitsitsa, amati chilichonse chomangidwa pafupi ndi madzi chimayenera kuunikidwa kaye.

Chozunguza mutu n'choti onsewa ali ndi poimira. Malamulo amaloladi kuti ntchito zina zipitirire popanda kafukufuku wamkulu wa zachilengedwe, ndipo kukonza nyumba yomwe ilipo kale kawirikawiri kumagwera m'gulu limeneli. Malamulo omwewonso salola kuti malo a m'mbali mwa madzi ndi m'madambo azitengedwa ngati malo wamba. Sitolo yakale ya m'mbali mwa madzi yaima pakati penipeni pa mfundo ziwirizi.

Kafukufuku amene akunenedwayu

M'maofesi amangoti ESIA, akale amati EIA. Ndi ntchito yoyang'ana, chitukuko chisanayambe, momwe chidzakhudzire madzi, nthaka, mpweya, zomera, nyama ndi anthu okhala pafupi. Akatswiri amapita pamalopo, amayeza, amakhala pansi ndi mafumu ndi anthu a m'deralo, n'kulemba lipoti lofotokoza zomwe zingawonongeke, njira zina zomwe ntchitoyo ingayendere, ndi momwe kuwonongekako kungachepetsedwere. Boma limawerenga lipotilo n'kuvomera, kukana, kapena kuvomera koma litaika mfundo zoti zitsatidwe. Wolipira akatswiriwo ndi mwini chitukuko, ndipo ntchitoyo imadya miyezi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa munthu amene watenga ngongole kubanki kuti akuze sitolo mwezi uliwonse wodikira umamupweteka m'thumba.

Nzeruyi inayambira ku America. Pa 1 Januwale 1970 pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo lotchedwa NEPA, lomwe linati nthambi za boma ziziyamba zaunika chilengedwe zisanalowe pa ntchito zikuluzikulu. Mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya anapanga lamulo lawo mu 1985, ndipo msonkhano wa ku Rio de Janeiro mu 1992 unalimbikitsa mayiko onse kutsata njirayi. Kuno kwathu malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 13, anaika udindo pa boma wosamalira chilengedwe poganiziranso mibadwo yakutsogolo. Lamulo la kasamalidwe ka chilengedwe la 1996 ndi lomwe linakhazikitsa kafukufukuyu, ndondomeko yake inatuluka mu 1997, ndipo mphamvu zinali m'manja mwa mkulu wa nthambi ya Environmental Affairs. Lamulo latsopano la 2017 linabweretsa bungwe la MEPA, lomwe tsopano limalandira ndi kuvomereza malipotiwa. Linatsindikanso kuti kafukufuku asamangoona nsomba ndi mitengo, aziona ndi anthu omwe: amene asamutsidwe, amene atsekeredwe njira, amene ataye popezera chakudya.

Kusefa: ndani amanena kuti safunika

Palibe dziko lomwe limachitira kafukufuku wamkulu chilichonse chomangidwa. Likanatero maofesi akanadzaza ndi malipoti a zimbudzi ndi makola a nkhuku, pamene migodi ndi madamu zikudikira pamzere womwewo. N'chifukwa chake pali kusefa. Zili ngati kuchipatala, komwe sikuti aliyense wodandaula mutu amamutumiza kukajambulitsa. Adokotala amayamba afunsa, amugwira, n'kuona ngati angomupatsa mankhwala apite kwawo kapena akufunika kupimidwa mozama. Wobwezedwa ndi mankhwalayo waonedwa ndithu, kungoti sanafunike makina.

Ndondomeko ya 1997 inaika mindandanda iwiri. Woyamba, List A, ndi wa ntchito zomwe kafukufuku ndi wokakamiza, monga migodi, madamu akuluakulu ndi misewu ikuluikulu. Wachiwiri, List B, ndi wa ntchito zomwe kafukufuku angafunike kapena ayi malinga ndi momwe zilili. Mwini ntchito yomwe yakhudza mindandandayi amapereka chikalata chachidule, chomwe amachitcha project brief, chofotokoza zomwe akufuna kumanga, pamalo pati, zazikulu bwanji, zidzatulutsa zinyalala zotani. Akuluakulu akachiwerenga pamatuluka chimodzi mwa zitatu. Akhoza kulamula kafukufuku wathunthu. Akhoza kunena kuti pakufunika dongosolo chabe la momwe mwini ntchito adzasamalire malowo, lomwe amalitcha ESMP, lalifupi komanso lotsika mtengo. Kapena akhoza kulemba kuti ntchitoyo yamasulidwa, kafukufuku safunika, nthawi zina atawonjezerapo malangizo.

Ndiye munthu akanena kuti "kafukufuku safunika" akhoza kukhala akunena zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Mwina ntchito yake sikupezeka pa mndandanda uliwonse, monga kusintha zitseko ndi kupaka penti, ndipo sanafunikenso kupita ku MEPA. Kapena ntchitoyo inasefedwa ndipo ali ndi pepala m'manja. Pali chachitatunso chomwe chimabisala kumbuyo kwa mawu omwewo: munthu anadziweruza yekha kuti ntchito yake ndi yaing'ono, osafunsa aliyense. Lamulo limati pa ntchito za m'mindandanda, ofesi yopereka ziphaso isapereke chiphaso isanaone kuti a zachilengedwe avomereza kapena amasula. Kumasula ndi chigamulo cha boma, si maganizo a mwini nyumba kapena a kontilakitala wake.

Chifukwa chake nyumba yomwe ilipo kale imapepukidwa

Kafukufuku amayeza kusintha. Amafanizira momwe malo alili lero ndi momwe adzakhalire ntchito ikatha. Pamalo pomwe pali kale maziko, makoma, msewu wofikapo ndi anthu ogula, zambiri zomwe zikanawonongeka zinawonongeka kalekale, mwina agogo athu akadali anyamata. Kusintha malata owola kapena kutsanulira simenti yatsopano pansi sikuwonjezera kanthu pa mtsinje. Nthawi zina kumathandiza kumene, monga pamene chimbudzi chakale chodontha chalowedwa m'malo ndi chabwino. Palinso mfundo ina yomwe okonza mizinda amaikonda: munthu ukamuvutitsa pokonza nyumba yakale, amaisiya ikugwa n'kukamanga yatsopano pamalo pomwe panali tchire. Mzinda ngati Zomba, womwe unali likulu la dziko mpaka 1975 ndipo uli ndi nyumba zambiri zakale, mfundo imeneyi ikuukhudza kwambiri.

Malo ena anachita kulemba manambala. Chitsanzo chomveka bwino ndi chigawo cha California ku America, chomwe lamulo lake la CEQA linabwera mu 1970. Kumeneko kuli magulu 33 a ntchito zomwe zimamasulidwa pagulu, popanda kuziunika imodziimodzi mozama. Gulu loyamba ndi la nyumba zomwe zilipo kale. Munthu akhoza kuwonjezera mpaka theka la kukula kwa nyumbayo kapena masikweya fiti 2,500, omwe ndi pafupifupi masikweya mita 232, malinga ndi chomwe chili chochepa pa ziwirizo. Malirewo amakwera kufika masikweya fiti 10,000, pafupifupi masikweya mita 929, ngati malowo ali kale ndi mapaipi a madzi, a zonyansa ndi zina zotero, komanso ngati si malo osachedwa kuwonongeka. Onani mawu omalizawo. Ngakhale kumene anaika manambala, anasiya khomo loti malo enieniwo azilankhula.

Ubwino wa manambala ndi woti wamalonda amadziwiratu pomwe waima asanagule thumba limodzi la simenti, ndipo wa muofesi alibe mpata waukulu wokondera. Kuipa kwake n'koti anthu amaphunzira kujambula mapulani othera pansi pang'ono pa malire. Njira yosefa ntchito iliyonse payokha imaona zenizeni za pamalopo, koma imadalira kwambiri nzeru, nthawi ndi chilungamo cha wosefayo.

Kukonza kumathera pati, kukuza kumayambira pati

Papepala mawu akuti "kukonza ndi kukuza" amalembedwa pamzere umodzi, koma pamalo antchito ndi zinthu zosiyana. Tiyerekeze sitolo ya zipinda zitatu yomwe kumbuyo kwake kuli kamtunda kotsetserekera ku Likangala.

Mwini wake akachotsa denga n'kuika lina, akasintha mawaya a magetsi, akagumula khoma lam'kati kuti shelefu zikwane, mapazi a nyumbayo pansi sanasinthe. Chomwe chingadetse nkhawa ndi komwe zogumulazo zikatayidwe. Nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi malata a asbestos, omwe fumbi lake limawononga mapapo, ndipo zidutswa zake siziyenera kukankhidwira kumtsinje ngati mmene amachitira ndi zibuma. Ili ndi vuto lenileni, koma laling'ono, lotheka kulithetsa ndi malangizo ochepa.

Akayamba kukumba maziko kumbuyo nkhani yasintha. Amisiri amadziwa kuti ngalande ya maziko ya m'mbali mwa mtsinje ukaikumba mu Febuluwale, pofika m'mawa imakhala itadzaza madzi otuluka pansi. Madzi omwewo ndi amene adzakumane ndi septic tank ndi dzenje lomwera zonyansa. Kumtunda dothi limasefa zonyansazo pang'onopang'ono zisanafike pamadzi apansi. Pamene madzi ali pafupi choncho palibe dothi lokwanira kusefa, zimangodutsa kulowa mumtsinje. Kenako pamabwera bwalo la konkire loimikapo magalimoto. Mvula yomwe inkalowa m'nthaka tsopano imathamanga pamwamba, itanyamula oilo ndi mapepala apulasitiki. Pofuna kuteteza zipinda zatsopanozo mwini wake amamanga khoma lotchinga m'mphepete mwa mtsinje, ndipo madzi akasefukira amamenya khomalo n'kupita kukagumula tsidya linalo, komwe wina ali ndi dimba lake la mpiru ndi tomato. Kanjira komwe amayi ankatsikira pokachapa katsekedwa ndi mpanda. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimaoneka pa nambala ya masikweya mita.

Chinanso chomwe chimaiwalika ndi kusintha kwa malonda. Nyumba ikhoza kukhala yomweyo osakula n'komwe, koma yomwe inkagulitsa nsalu ndi sopo n'kusanduka butchala, malo otsukira magalimoto, malo odyera, kapena sitolo ya mankhwala a mbewu ndi feteleza. Zotuluka kumbuyo kwa nyumba zimasinthiratu. N'chifukwa chake malamulo omasula nyumba zakale, kuphatikizapo a ku California aja, amanena za ntchito yomwe sikuwonjezera kagwiritsidwe ntchito ka nyumbayo kapena ikuwonjezera pang'ono chabe. Kwa ine funso lothandiza kwambiri pofuna kusiyanitsa kukonza ndi kukuza si lakuti nyumba yakula bwanji, koma lakuti madzi ochoka pamalopo asintha bwanji, kuchuluka kwake, liwiro lake ndi zomwe anyamula.

Pamene malo amaposa kukula kwa nyumba

Mndandanda woyamba uja sunangotchula mitundu ya ntchito. Unatchulanso malo: ntchito zoyandikana ndi madambo, nyanja ndi mitsinje, malo osefukira madzi, magwero a madzi akumwa, manda ndi malo a mbiri yakale, kapena zomwe zingakhudze malo amenewa. Apa ndi pamene oyandikana ndi sitolo ija amaimira. Ntchito yomwe ikanadutsa mosavuta pa Chinamwali kumtunda ikhoza kufunsidwa mafunso ambiri ikakhala pagombe. Mayiko ena amachitanso chimodzimodzi. Ku chigawo cha Washington ku America, lamulo la magombe la 1971 limayang'anira malo onse a mkati mwa mafiti 200, pafupifupi mamita 61, kuchokera pomwe madzi amafika nthawi zonse akadzaza, ndipo kumasulidwa kwa zomanga zing'onozing'ono sikugwira ntchito ngati mbali ina ya ntchitoyo ili pamalo okutidwa ndi madzi.

Kwa ife a ku Zomba nkhaniyi ikulemera chifukwa cha nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi mitsinje ina imathira mmenemo, koma madzi amachoka ndi dzuwa basi. Chomwe chalowa chimakhala momwemo. Ndi yosayanso, malo ambiri mamita ochepa chabe, kotero ilibe madzi ochuluka osungunula zonyansa ngati nyanja ya Malawi. Ndi malo oyamba m'dziko muno kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, lomwe Malawi analowamo mu 1997, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi zochuluka zomwe zimakhala m'njedza zake, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaizindikiranso ngati malo apadera a zachilengedwe. Matemba, makumba ndi milamba yomwe timagula mumsika wa Zomba yambiri imachokera kumeneko. Asodzi ena amakhala panyanja pomwepo m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, akumwa madzi omwewo, ndipo dera la Chilwa lakhala likuvutika ndi kolera mobwerezabwereza. Sitolo ya mumzinda yomwe ili makilomita ambiri kuchokera ku Kachulu ili pagombe la Chilwa ndithu ngati ngalande yake ikuthira mu Likangala, mtsinje womwe kumunsi kwake umathiriranso minda ya mpunga.

Ndiye pali vuto lomwe malamulo olembedwa poganizira nyanja zokhazikika amalephera kuligwira bwino: gombe la Chilwa limayenda. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika, mabwato atakhala pamtunda. Madzi akabwerera m'mbuyo anthu amawatsatira, amalima mpunga, amamanga zisakasa zogulitsiramo, ena mpaka kuika njerwa. Zaka za mvula yambiri zikabwera madzi amadzatenga malo awo. Nyumba yomwe chaka chino ili kutali ndi madzi, chaka china mafunde akumenya pakhomo. Wopima akabwera mu Okutobala wa chaka cha chilala alemba zina, akabwera mu Epulo wa chaka cha mvula alemba zina, ndipo onse awiri sananame. Anzathu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi anaziona mu 2024 pamene madzi anakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri ku Mangochi ndi kwina.

Mitsinje ya mumzinda nayo ili ndi khalidwe lake. Imatsika m'phiri la Zomba motsetsereka kwambiri, ndipo mvula yamphamvu ikagwa pamwamba imadzaza mwadzidzidzi. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015 kapena a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti malire a mtsinje si pomwe madzi amayenda mu Ogasiti.

Pang'onopang'ono

Kumasula kumayang'ana ntchito imodzi, pamene mtsinje umalandira zonse pamodzi. Sitolo imodzi yowonjezera zipinda ziwiri palibe angayeze kusintha kwake mu Likangala. Masitolo makumi awiri ochita chimodzimodzi m'zaka khumi, aliyense ali ndi pepala lake lomumasula, akhoza kufinya mtsinje ndi makoma mbali zonse popanda tsiku limodzi lomwe wina anakhala pansi kuwerengera zonsezo. Palibe amene anaphwanya lamulo, koma zotsatira zake n'zofanana ndi za chitukuko chimodzi chachikulu chomwe chikanafunika kafukufuku wathunthu.

Pali kachenjerero kenanso kofanana nako, kodula ntchito imodzi m'zidutswa. Chaka chino munthu apempha chilolezo chokonza denga. Chaka chamawa chowonjezera sitolo yosungiramo katundu. Kenako bwalo la magalimoto, kenako khoma. Chidutswa chilichonse n'chaching'ono mokwanira kumasulidwa. Nthawi zina ndi dala, koma tisathamangire kuweruza, chifukwa amalonda ambiri kuno amamanga choncho pa chifukwa china: amamanga pomwe ndalama yafika, n'kudikira ina. Kusiyanitsa wozemba ndi wosauka n'kovuta ngakhale kwa woyang'anira wachilungamo. Malamulo a ku California amanena poyera kuti kumasulidwa sikugwira ntchito ngati ntchito zofanana zotsatizana pamalo amodzi zikuunjikana n'kukhala vuto lalikulu, ngati pali china chachilendo pamalopo, kapena ngati nyumba ya mbiri yakale iwonongeke. Kulemba n'kosavuta. Chovuta n'kupeza amene akusunga chiwerengero cha zonse zomwe zaloledwa m'mbali mwa mtsinje umodzi.

Womasulidwa sanamasulidwe ku zonse

Pepala lonena kuti kafukufuku safunika limachotsa chinthu chimodzi chokha. Mapulani ayenerabe kuvomerezedwa motsatira lamulo la kakonzedwe ka malo la 2016, mumzinda kudzera ku khonsolo ya mzinda wa Zomba, ndipo ku Kachulu kudzera ku khonsolo ya boma. Wofuna kupopa madzi mumtsinje kapena kuthiramo madzi ogwiritsidwa ntchito kale amafunika chilolezo cha National Water Resources Authority, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la madzi la 2013. A zaumoyo ali ndi mfundo zawo pa malo ogulitsa zakudya. Kuwononga madzi ndi mlandu kaya munthu anamasulidwa kaya ayi, ndipo lamulo la zachilengedwe limapatsa boma mphamvu yoyendera ntchito yomwe ikuyenda kale n'kulamula kuti zolakwika zikonzedwe. Lamulo la 2017 limanenanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo, ndipo akhoza kupita kukhoti kukauteteza.

Chomwe chimatayika ntchito ikamasulidwa, ndipo anthu ambiri sachizindikira msanga, ndi mpata wofunsidwa. Kafukufuku wathunthu amakakamiza mwini ntchito kukumana ndi anthu okhudzidwa, ndipo lipoti lake anthu akhoza kuliona n'kupereka maganizo. Kumasula kumachitika mwakachetechete, pakati pa wopempha ndi ofesi. Mayi wa dimba la tsidya lija amadziwa za khoma tsiku lomwe amisiri ayamba kuyala miyala. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zomwe maofesi a boma akusunga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limalola munthu kupempha kuona chigamulocho, koma kuti apemphe ayenera kudziwa kaye kuti chilipo.

Zomwe mbali ziwirizi zimanena, ndi zomwe zikadali poyera

Amalonda ndi ena okonza mizinda amati kafukufuku wathunthu pa sitolo ya zipinda zisanu ndi katundu wolemera kuposa ntchito yeniyeniyo. Ndalama zolipira akatswiri zikanakhoza kumangira septic tank yabwino. Amati malamulo akavuta kwambiri anthu amangomanga usiku osapempha n'komwe, ndipo boma limataya ngakhale mpata wopereka malangizo. Amakumbutsanso kuti m'mbali mwa Chilwa muli umphawi, ndipo sitolo yabwino yokhala ndi furiji ndi malo aukhondo osungira nsomba ikhoza kuchepetsa kuwola kwa nsomba ndi matenda. Osamala zachilengedwe, asodzi ndi alimi a kumunsi amayankha kuti wolandira phindu ndi mwini sitolo pamene wolandira madzi akuda ndi wina, kuti dambo likakwiriridwa silibwereranso, ndiponso kuti mawu oti "tikungokonza" asanduka khomo lolowera zomanga zatsopano. Mbali zonsezi zikhoza kuloza zitsanzo zoona.

Mafunso otsalawa sangathe ndi kuwerenga lamulo kokha. Loyamba ndi la mzere: panyanja yomwe imaphwa ndi kudzaza, gombe liyezedwe kuchokera pati, pomwe madzi ali lero, pomwe amafika m'chaka wamba, kapena pomwe anafika m'chaka cha mvula yoopsa? Yankho lililonse lili ndi omwe liwapweteke, ndipo mzere wa pamwamba kwambiri ukhoza kulowetsa midzi yathunthu m'malo oletsedwa. Mawu oti "kuyandikana ndi madzi" nawo amafuna womasulira, chifukwa m'tauni ngati Zomba, yodutsidwa ndi mitsinje ndi timitsinje tochokera m'phiri, pafupifupi aliyense ali pafupi ndi madzi ena ake.

Kodi ndi bwino kuika manambala omveka a kukula kwa zowonjezera, monga anachitira ku California, kapena kusiya kuti ntchito iliyonse iziweruzidwa payokha? Nanga nyumba zomwe zinamangidwa lamulo la 1996 lisanabwere, pamalo pomwe lero sipakanaloledwa, kuzikonza kuzionedwa ngati ufulu wa mwini wake kapena ngati mpata woti boma lifunse kuti zibwerere m'mbuyo? Funso limeneli ndi lowawa, chifukwa likukhudza chuma chomwe mabanja ena anachipeza movomerezeka.

Palinso funso la ndani. Ofesi ya zachilengedwe ya pa boma ili pafupi ndi malowo ndipo imawadziwa, pamene mphamvu yovomereza ili ku bungwe la dziko lonse. Kutsitsira mphamvu m'munsi kungafulumizitse zinthu, koma kungaikenso chigamulo m'manja mwa anthu omwe amakumana ndi wopemphayo kumaliro ndi kutchalitchi. Zigamulo zomasula zizikhomedwa poyera, pa khonsolo kapena kwa amfumu, ntchito isanayambe, ndipo ngati zitero anthu apatsidwe masiku angati oti adandaule popanda kusandutsa kumasulako kukhala kafukufuku wina? Ndipo malangizo aja omwe amalembedwa pa pepala lomasula, akuti zinyalala zitayidwe kwakuti, chimbudzi chikhale patali mwakuti, ndani amabwera patatha zaka ziwiri kudzaona ngati anatsatidwa, ndipo mafuta a galimoto yake alipira ndani?